Tchati Chomaliza cha Ma'am Delfa

Nditabwera kudzalowa m'malo mwa mphunzitsi wa Chingerezi amene anamwalira pa sukulu ya sekondale ya m'tauni muno, anandipatsa zinthu zitatu: desiki lake, kalasi lake, ndi kiyi wa kabati. Chibwenzi chake sanandipatse. Chimenecho ndinachita kudzitolera ndekha patatha miyezi isanu, ndipo podzadziwa kuti mwini wake ali kumanda, n'kuti nditamira kale.

Ndine Nerissa, koma pano amangoti Ma'am Issa. Ndinaphunzira ku yunivesite mumzinda wa Iloilo, kumene kuli makolo anga. Matenda anga ndi amodzi. Chinthu chikachitika kawiri mofanana ndimachilemba m'kope, chikachitika katatu chakudya sichilowa. Ndili mwana ndinkadzaza timabokosi ta mawu ta m'nyuzipepala ya bambo anga iwo asanaigwire n'komwe, ndipo zikwapu sizinandichiritse.

Ramil amalemba zikwangwani. Mayina a masitolo, a majipini onyamula anthu ndi a mabwato onse a m'tauni muno ndi dzanja lake. Tinakumana atabwera kudzapenta dzina la sukulu pachipata, ine n'kumuuza kuti chilembo chimodzi chapendekeka. Anatsika pamakwerero, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Chapendekeka ndi chipata, Ma'am." Ankanena zoona. Ndinamukwiyira sabata yathunthu.

Pamtima pa malaya ake pankakhala kaphini kakuda ka maliro. Ine ndinkayesa kuti ndi ka agogo ake. Kanali ka Delfa, mwini wake wa desiki langa. Ramil anali atamuveka mphete, ukwati utatsala miyezi inayi, pamene malungo a dengi anamutenga m'masiku asanu okha. Popeza sanakwatirane, palibe lamulo limene linkamukakamiza kulira chaka chathunthu. Koma Nanay Soling, mayi ake a Delfa, anamubaya kaphiniko ndi manja awo pamanda pomwepo, ndipo woti akachotse anali iwo okha, pa mwambo wovula zakuda chaka chikakwana.

"Kakangochoka aka," Ramil anandilonjeza, "Lamlungu lotsatira ndikukaonekera kwa makolo ako. Nsapato ndagula kale."

Lolemba limene ndikufuna kukusimbiranili, mwambowo unali utatsala masiku asanu ndi limodzi.

*

M'kabati ya Delfa munali matchati khumi ndi awiri a phunziro la akapandamneni ndi nthambi za chiganizo. Anali mapepala akuluakulu abulauni, okulungidwa ndi kumangidwa ndi mphira, chilichonse nambala yake pakona. Aphunzitsi a kuno amakonzera matchati kunyumba n'kumawagwiritsa ntchito chaka ndi chaka mpaka atang'ambika. A Delfa anali olembedwa mokongola moti kuwasiya kukanakhala kudzikuza. Ndinkatsegula chimodzi pa tsiku la phunziro lake, m'kalasi momwemo. Ndinkati ndi ulemu kwa malemu. Mwina unali ulesi.

Zitsanzo zinali za m'Chingerezi, koma ndikupatsani m'chinenero chathu.

Tchati chachitatu chinali cha akapandamneni, timagulu ta mawu topanda mneni. Chitsanzo chomaliza chinati: *pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi.* Ndinaseka chamumtima, chifukwa pamenepo m'pamene Ramil anandigwira dzanja koyamba.

Chachisanu ndi chimodzi chinali cha nthambi zosaima pazokha: *Mvula ikakata, tidzayenda mpaka pamlatho wachitsulo.* Sindinaseke. Mawu omwewo Ramil anandiuza m'Chiilongo chathu titabisala mvula pakhonde la positi ofesi. Ndinalemba m'kope.

Lolemba lija ndinamata chachisanu ndi chinayi pabolodi.

"Nthambi ili ndi mwininkhani ndi mneni wake," ndinatero. "Kapandamneni alibe. Tiwerenge tonse chitsanzo choyamba, kenako mundiuze nthambi imene singaime payokha."

Ana makumi anayi ndi asanu ndi awiri anawerenga ndi liwu limodzi, mokoka ngati pemphero: *Chifukwa chakuti mtsikanayo amadana ndi chiwindi, mnyamatayo anachichotsa m'mbale mwake osamufunsa.*

Choko chinandipulumuka. Loweruka lapitalo, kumsika, titangoikiridwa mbale zathu za batchoy, msuzi wotentha wa nyama ya nkhumba ndi chiwindi, Ramil anatola tizidutswa ta chiwindi m'mbale mwanga, kamodzikamodzi, kwinaku akundisimbira za penti. Ine chiwindi ndimachikonda. N'chifukwa chake ndimadya batchoy. Koma ndinamusiya, poyesa kuti chikondi chimaoneka choncho.

Fani yakudenga inkazungulira, kona ya tchaticho n'kumamenya pabolodi, *pha, pha,* ngati munthu amene akugogoda koma sakufulumira. Pepalalo linkanunkhirabe mafuta a kokonati a m'manja mwa munthu amene sindinamuonepo.

Kachitatu kanali katakwana.

*

M'chipinda cha aphunzitsi ndinapeza Ma'am Bebing, wa masamu, amene wakhala pa sukuluyi zaka makumi awiri, akusenda nthochi yophika.

"Day, nkhope imeneyo bwanji? Waona mzukwa kapena malikisi a ana ako?" Day, kapena Inday, ndi mmene kuno amaitanira mtsikana mwachikondi.

Ndinamusimbira zonse, kuwerenga kuchokera m'kope.

"Iwe ndi kope lakolo," anaseka. "Amuna a kuno ali ndi malo atatu okha opita ndi mkazi: mango, mlatho, batchoy. Wanga ananditengera konseko, kuzungulira kawiri, mapeto ake ana asanu."

"Nanga chiwindi?"

Anasiya kutafuna. Anayang'ana chithunzi cha Delfa chimene chili pakhoma pamwamba pa wotchi, n'kuchita chizindikiro cha mtanda nthochi ili m'manja.

"Delfa ankachita kusanza nacho," anatero motsitsa mawu.

Nthawi yomweyo chithunzicho chinalowa pakhomo. Chipumi chomwecho, kamwa lomwelo, diresi lakuda. Anali Girlie, mng'ono wake wa Delfa, amene amagulitsa mankhwala pafupi ndi msika. Ndinali nditamuonapo kangapo, koma kufanana kwawo ndinali ndisanakuzolowere.

"Mwaswera bwanji, Ma'am Bebing? Ma'am." Ma'am wachiwiriyo anamutulutsa ngati akulavula njere ya chivwende. "Nanay andituma matchati a mkulu wanga, Manang Delfa. Akufuna akhale m'nyumba Lamlungu."

"Ndikuphunzitsirabe," ndinatero. "Ndikupatsani Lachisanu."

"Lachisanu. Chabwino." Anayang'ana desiki langa, kapu yanga, kenako ine. "Mwabwereka zambiri za Manang, Ma'am. Zina muzibweza." Atafika pakhomo anacheuka. "Nanay akuti nanunso mubwere. Akufuna amve mawu a munthu amene amakhala pampando wa mwana wawo."

Atatuluka, Ma'am Bebing anapuma mokweza.

"Ukudziwa zimene tauni yonse ikudziwa, eti? Nanay Soling ndi Tiyay Pacing, mayi ake a Ramil wakoyo, akhala pabenchi limodzi m'tchalitchi chaka chonsechi. Sikuti akupemphera chokhachokha. Mphete ija sinatuluke m'nyumba muja, Day, ndipo chala cha Girlie n'chimodzimodzi ndi cha mkulu wake."

*

Ana ataweruka, mvula ikugwa pamalata, ndinaswa lamulo langa. Ngati moyo wanga unali utalembedwa kale m'kabati, ndinkafuna kudziwa mmene ukuthera.

Chakhumi chinali cha amphaka ndi asodzi. Chakhumi ndi chimodzi chinali cha mayeso obwereza. Ndinayamba kudziseka.

Chakhumi ndi chiwiri chinali chosiyana ndisanachitambasule n'komwe. Makona ake analibe zipsera za tepi. Sichinamatidwepo pabolodi. Delfa anadwala asanachiphunzitse, ndipo mphira wake unali utamatirira papepala moti ndinachita kuudula.

Mutu wake unali wamba: *Pezani nthambi yosaima payokha. Chitsanzo chachisanu ndi kapandamneni.* Pansi pake panali mizere isanu.

*Ngakhale anavala mphete yake, mtima wake unali utanyamuka kale.*

*Sukulu ya ku Thailand itamuyankha, sanauze munthu aliyense.*

*Chaka chisanathe, adzakhala atapita.*

*Ngati mwamunayo amamukondadi, sadzamutsatira.*

*popanda kutsanzika amayi ake*

Ndinawerenga kawiri nditaimirira, kachitatu nditakhala pa desiki la mwana.

Ndinene zoona, pakuti palibe amene akundichonga. Choyamba chimene ndinamva chinali chimwemwe. Woyera mtima wa pakhoma uja, amene tauni yonse inkandiyeza naye, anali paulendo wothawa. Ramil ankalira munthu amene anali atamusiya kale. Pepala limodzi lokha, ndipo mphete, benchi la m'tchalitchi ndi chala cha Girlie zonse zikanagwa pansi.

Kenako maso anabwerera pamzere wachisanu, umene unalibe chilembo chachikulu kapena mpumiro, ndipo chimwemwe chija chinazizira. Mvula inali itakata osandiuza. M'kalasimo munali zii, ndipo ndinakulunga pepalalo mofulumira ngati pali wina amene akudikira kuti ndimubwezere.

Ndinatenga foni.

*Uli kuti?*

*Ndikulemba dzina la bwato,* Ramil anayankha. *Mwini wake akufuna dzina la mkazi wake, koma mkaziyo wathawira ku Manila dzulo. Nditani?*

*Lemba pang'onopang'ono, mwina abwerera. Mawa ndikaweruka ndibwera.*

*Ndalakwa chiyani?*

*Sindinati walakwa.*

*Wayika mpumiro pa uthenga uliwonse, Ma'am.*

*

Kashedi ka Ramil kali kuseri kwa msika, ndipo kamanunkha penti ndi nsomba zouma za kwa aneba. Ndinamupeza atagwada pa thabwa la bwato lija.

"Pamlatho wachitsulo unapitapo ndi akazi angati?" ndinafunsa ndisanakhale.

"Moni kaye, Ma'am. Ndi mayeso?"

"Yankha."

"Mmodzi. Wautali pakamwa, amaona zilembo zopendekeka."

"Usandiseketse, Ramil. Mango, mlatho, chiwindi. Zonse zili pa matchati a Delfa, mwa dongosolo lake. Ine ndine ndani? Phunziro lobwereza la ana amene analephera chaka chatha?"

Ndinatulutsa tchati chomaliza m'chikwama n'kuchitambasula pa tebulo lake. Ndinali nditakonzekera kumugwira akagwa. Iye anapukuta manja pansanza, anasalaza kona imene inapindika, koma sanawerenge.

"Inki inandithera pamzere wachinayi," anatero. "Ukaonetsetsa, mtundu wasintha."

Ndinayang'ana pepalalo. Ndinayang'ana thabwa la bwato. Mchira wa chilembo chilichonse unali wopindika mofanana, ngati mbedza. Ine, katswiri wa timabokosi, ndinali nditamata dzanja la chibwenzi changa pabolodi kwa milungu isanu osalizindikira.

"Delfa ankalemba ngati nkhuku yapalasa," anapitiriza. "Lamlungu lililonse masana ankabwera kuno ndi pepala. Malamulo anali ake. Zitsanzo ankati ndiganize ine, iye azitembenuzire m'Chingerezi. Ndiye ndinkaika malo amene ndinkafuna kupita naye. Ndinkati mwina akawerenga pabolodi akumbukira."

"Ndiye?"

"Ankati mawa, ndili ndi zochonga. Pamlatho paja sitinafikepo, Issa. Pansi pa mango paja ndinakhalapo kawiri, ndekha."

Ndinakhala pa chitini cha penti.

"Nanga ichi?"

"Ichi zitsanzo anabwera nazo zake, zolemba kale pa kapepala. Anandipatsa osandiyang'ana, n'kukhala pampando uwo." Analoza mpando wapulasitiki umene unali pakona, wopanda kanthu, wopanda dontho la penti ngakhale limodzi m'shedi mmene chilichonse chinali ndi penti. "Chingerezi changa ndi cha pazikwangwani, koma ichi ndinachimva. Ndinalemba mpaka kumapeto. Ndinakulunga, ndinamupatsa. Anati zikomo. Lachitatu lake thupi linatentha."

"Sunanene kanthu?"

"Ndimati ndidzanene Lamlungu linalo."

Panja munthu wina ankatsatsa nkhanu. Tinamumvetsera mpaka anadutsa.

"Chiwindi chija?" ndinafunsa.

"Pamenepo ndinalakwa. Dzanja linangopita lokha."

Akananama pamenepo, ndikanamusiya tsiku lomwelo. Sananame, ndiye zinapweteka kwambiri.

"Uwauze, Ramil. Akufuna kukupatsa Girlie chifukwa cha chikondi chimene kunalibe."

"Nanay Soling shuga anawadya maso, mtima nawo ukungoyendera mankhwala. Chimene chawatsalira n'chimodzi: mwana wawo anamwalira akuyembekezera ukwati, ali wokondwa. Ndiwalande chimenecho? Tsiku limodzi lokha, Day. Achotse kaphinika, ndiwathokoze, ndituluke."

"Nanga za mphete?"

"Ndi nkhani za azimayi awiri okalamba. Palibe amene wandifunsa."

"Vuto lake ndi limenelo. Iwe anthu sakufunsa. Amangokupatsa pepala, iwe n'kulemba."

Anakulunga tchaticho bwinobwino, monga anachitira chaka chapitacho, n'kundipatsa.

"Uwotche," anatero.

Sindinawotche. Munthu wamatenda anga satha kuwotcha yankho. Ndinachiika m'dirowa la desiki langa, pansi pa makope.

*

Lachisanu m'mawa Girlie anabwera. Anawerenga matchatiwo ndi chala, mokweza.

"Khumi ndi chimodzi, Ma'am."

"Ndi amene alipo."

"Manang ankati phunziroli ndi la matchati khumi ndi awiri. Ankadandaula nalo chaka chilichonse." Anamwetulira ndi kamwa la pachithunzi lija. "Mwina mbewa."

Masana, nditatuluka m'kalasi lomaliza, Ma'am Bebing anandichingamira ali wosangalala.

"Day, undigulire kofi, ndakuthandiza. Girlie anabweranso, akuti chimodzi chatsala, Nanay Soling akulira. Ndafufuza paliponse, n'kuchipeza m'dirowa mwako, ndamupatsa. Iwe kusunga zinthu ngati gologolo! Watani? Wayeranso nkhope."

Ndinatumiza uthenga kwa Ramil: *Chili kwa Girlie.*

Anawerenga. Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinaoneka, tinazima, tinaonekanso. Pomaliza panafika mawu awiri okha.

*Ubwerebe Lamlungu.*

*

Misa itatha tinakwera kunyumba kwa Nanay Soling dzuwa lili paliwombo. Pabalaza panali podzaza. Pa tebulo lalitali panali pancit, chakudya chonga sipageti, mpunga wokulunga m'masamba, mango odula, ndi nkhumba yowotcha. Pakona panali katebulo ka chithunzi cha Delfa, kandulo, matchati atasanjidwa ngati nkhuni, ndi kambale koyera. M'kambalemo munali mphete.

Atatha mapemphero, abale anayamba kulowa kuchipinda mmodzimmodzi atavala zakuda n'kumatuluka atavala zowala. Girlie anatuluka ndi diresi lachikasu limene linkamuthina pang'ono m'mapewa. Azakhali ena anagwira pakamwa. Sindinafunikire kuuzidwa mwini wake wa diresilo.

"Toto Ramil," anaitana Nanay Soling ali pampando wawo. "Bwera kuno, mwana wanga."

Ramil anagwada. Zala zawo zinafufuza pachifuwa pake mpaka zinakapeza, ndipo kaphini kaja kanachoka. Panatsala kabowo kakang'ono pamalaya. Anandiyang'ana mwakabisira. Nsapato zatsopano zija anali atazivala. Kwa nthawi yoyamba m'sabata imeneyo ndinapuma mpaka pansi pa mapapo.

"Mphunzitsi uja ali kuti?" anafunsa Nanay Soling.

Anthu anandipatsa njira. Ndinawerama, n'kuika dzanja lawo pachipumi panga.

"Ndili pano, Nanay."

"Dzanja lako ndi lozizira, Inday. Usaope, sindiluma, mano anatha." Anthu anaseka. "Andiuza kuti pali phunziro limodzi limene mwana wanga sanaphunzitse. Lomaliza. Ine Chingerezi ndinachisiya kalasi yachinayi, maso nawo ndi awa. Girlie akuti sangathe, akangoyamba alira. Iwe ndi amene umaima pamene ankaima. Undiwerengere m'Chiilongo, ndimve zimene ankaganiza sabata imene ija."

Girlie anali atatenga kale tchaticho. Anapatsa Ramil mbali imodzi, iye n'kugwira inayo, ndipo anaima mwakuti zolembazo zinayang'ana ine ndekha. Anthu onse ankaona kumbuyo kwa pepala.

Ramil anatsegula pakamwa. Mayi ake, Tiyay Pacing, anatsokomola kamodzi, ndipo anatseka.

Ndinayang'ana Girlie. Maso ake anali ouma, odekha. Anali atawerenga. Ankadziwa kuti ndikanena zoona, Ramil amasuka lero lomwe, ndipo ankadziwanso chimene chingachitikire mtima wa mayi ake. Anali ataika zonse ziwirizo m'manja mwanga, pamaso pa anthu makumi asanu.

Nanay Soling anapendeketsa mutu, khutu kwa ine, akumwetulira ngati mwana amene akudikira nthano.

"Pali zitsanzo zisanu, Nanay," ndinatero. "Choyamba chikuti... *Popeza anavala mphete yake, mtima wake unakhazikika.*"

"Ee," anapuma.

"*Sukulu ya kutali itamuitana, anakana.*"

"Mwamva? Sanandiuze n'komwe, mwana ameneyu."

Kunama kuli ngati timabokosi taja. Ukangodzaza mawu oyamba, enawo amabwera okha, ndipo ine ndili ndi luso. Ndinamva lilime langa likuthamanga, likusunga kutalika kwa mzere uliwonse kuti chala cha Girlie, chimene chinkatsatira pansi pa mawu, chisandipitirire.

"*Chaka chisanathe, adzakhala banja limodzi.*"

Azakhali aja anayamba kufwenthera.

Mzere wachinayi, pamene inki inasintha mtundu. Wachisanu unali pansi pake ukundiyang'ana, *popanda kutsanzika amayi ake,* ndipo chimene ndinkafuna n'kuukwirira, kuupatsa mayiyu mosemphanitsa, kuti asadzaumve mpaka kalekale. Sindinaganize za china chilichonse.

"*Ngati mwamunayo amamukondadi, sadzawasiya okha amayi ake.* Chomaliza n'chachifupi, Nanay. Chikungoti, *m'nyumba ya amayi ake.*"

Kandulo inawerama ngakhale kunalibe mphepo, n'kuwongokanso.

Nanay Soling ankalira osapukuta misozi. Anandikoka n'kundipsompsona pachipumi.

"Mulungu akudalitse, Inday. Wandibwezera mwana wanga." Kenako anakweza mawu. "Pacing, wamva? Ine ndimaopa kuti mwina tikumukakamiza mnyamatayu. Usiku ndi usiku ndimafunsa Delfa kuti andipatse chizindikiro. Ndinalumbira kuti chikapanda kubwera lero, ndimumasula apite kumene akufuna."

Ndinayang'ana Ramil.

"Koma mwamva nonse, ndipo wanena si ine, ndi mlendo amene alibe mbali. *Sadzawasiya okha amayi ake. M'nyumba ya amayi ake.* Toto, ndipatse dzanja. Girlie, kambale kaja."

Girlie anakulunga tchaticho mwamsanga, n'kuchimanga ndi mphira watsopano umene anali nawo kale padzanja. Anabweretsa kambaleko. Nanay Soling anaika mphete m'chikhatho cha Ramil, anaika dzanja la Girlie pamwamba, n'kuphimba onse awiri ndi manja awo. Anthu anaomba m'manja. Tiyay Pacing ankalira mokweza kuposa onse.

Ramil anandiyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu. Pakamwa pake panayenda, koma sipanatuluke mawu. Mwina ankati adzanena Lamlungu linalo.

Ndinatulukira pakhonde. Ndikufufuza nsapato zanga pa mulu wa nsapato za alendo, diresi lachikasu linaima pambali panga. Linkanunkhira mafuta a kokonati.

"Musapite osadya, Ma'am," anatero Girlie motsitsa. Anandipatsa mbale ya pancit, tchati chili m'khwapa mwake. "Chingerezi anandiphunzitsa ndi Manang yemwe, kuyambira ndili wamng'ono. Ine ndikanangowauza kuti ndi za amphaka ndi asodzi." Anandikonzera kolala ya bulauzi ndi zala ziwiri. "Koma inu mwamasulira bwino kuposa mmene ndimayembekezera."